Mlandu wa loboti ungafike pabwalo la kwa Nthache?

Mu February 1989, pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya ku America yotchedwa Star Trek: The Next Generation inaonetsa mlandu umene anthu oganiza za makina amautchulabe mpaka lero. Nkhani yake inali ya Data, makina opangidwa m'maonekedwe a munthu, amene ankagwira ntchito ngati mmodzi mwa akuluakulu a chombo cha mumlengalenga. Katswiri wina, Bruce Maddox, anafuna kumuphwasula kuti aone mmene ubongo wake unalukidwira, n'cholinga choti apange ena ambirimbiri onga iyeyo. Data anakana. Ataona kuti kukanako sikukuphula kanthu, anatula pansi udindo. Apo mpamene anauzidwa kuti katundu satula pansi udindo.

Pozenga mlanduwo, mnzake wa Data, William Riker, anakakamizidwa kuimira mbali yonena kuti Data ndi katundu, ndipo anaigwira ntchitoyo mosanyengerera. Anamupatsa chitsulo kuti achipinde ndi manja, iye n'kuchipinda. Anamuzula mkono n'kuuonetsa kwa woweruza. Kenako anapisa dzanja kumsana kwake n'kumuzimitsa, Data n'kugwera patebulo. Kaputeni Picard, amene ankamuimira, anasowa pogwira. Amene anamutsegula maso ndi Guinan, mayi wogulitsa zakumwa m'chombomo, amene mbali yake ankasewera ndi Whoopi Goldberg. Mayiyu anamukumbutsa kuti Data akakhala katundu, ndiye kuti onse amene adzapangidwe pambuyo pake adzakhalanso katundu, mtundu wathunthu wogwira ntchito zonyansa ndi zoopsa popanda woufunsa maganizo. Woweruza, Phillipa Louvois, anavomereza kuti za mzimu wa Data sangazigamule, koma anagamula kuti iye si katundu ndipo ali ndi ufulu wosankha.

Munthu wa kuno kwa Nthache akhoza kunena kuti zimenezi n'zokamba anthu okhuta. Kuno nkhawa ndi mtengo wa feteleza, manachesi owolera pamsika, ndi mwana amene anakwera basi ya ku Joni kudzera pachipata cha Mwanza koma mpaka lero sanaimbe foni. Sindikutsutsa. Komabe maloboti a m'mafilimu si alendo kwa ife. Lowani m'kanyumba ka vidiyo pamsika uliwonse, kokhala ndi nsalu yakuda pakhomo ndi sipika yolirira panja, mukhale pabenchi pakati pa ana. Womasulira uja amene amaika mawu ake a Chichewa pamwamba pa filimu akamafotokoza, khungu la munthu wa m'filimuyo n'kung'ambika, mawaya n'kuonekera, ana amakuwa kuti, "Si munthu ameneyo, n'chitsulo!" Pakangotha mphindi zochepa, chitsulo chomwecho chikamaphwanyidwa, ana omwewo amati zii, wina n'kumveka chapansipansi kuti, "Amusiye, walakwa chiyani?" Mtsutso wonse umene akatswiri amalembera mabuku uli pabenchi pomwepo.

Ndiponso makina olankhula Chichewa anafika kale. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa m'dziko muno pulogalamu ya pa WhatsApp yotchedwa Ulangizi, imene mlimi amaifunsa za matenda a mbewu kapena a ziweto, iyo n'kumuyankha m'chinenero chake. Ilibe nkhope, ilibe miyendo. Koma chinthu chikangoyamba kukuyankha m'chinenero cha amayi ako, funso lakuti kodi mkati mwake muli ndani silichedwa kubwera.

Amene akuti loboti yonga Data iyenera kupatsidwa ufulu amayamba ndi funso lovuta kulizemba: inuyo mumadziwa bwanji kuti mnzanu akumva kuwawa? Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Palibe anawolokako. Timangoona munthu akubuula, akubweza dzanja pamoto, akukumbukira zimene anamuchita dzulo, ndiye timati akumva monga ife timamvera. Ngati umboni umene tili nawo pa mbale wathu ndi womwewu, akutero a mbali iyi, tingaukane bwanji ukachokera kwa chinthu chopangidwa ndi manja? Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, anali ataona kale vutoli mu 1950, ndipo anati m'malo molimbana ndi zimene sitingazione mkati mwa makina, tiyang'ane ngati pocheza nawo tingawasiyanitse ndi munthu.

Pulogalamu imene inaifikitsa mfundoyi pamtima ndi Westworld, ya pa HBO, imene inayamba mu 2016. Anthu olemera amalipira ndalama zambiri kuti akasangalale kumalo odzaza ndi maloboti osasiyana ndi anthu ngakhale pang'ono. Amawawombera, amawagwiririra, amawachita chilichonse chimene kwawo angamangidwe nacho. Usiku amisiri amawatola, kuwasoka mabala, kufufuta zonse zimene zawachitikira, m'mawa n'kuwabwezera pamalo awo. Koma mmodzi, Maeve, akuyamba kukumbukira mwana wamkazi amene anali naye m'moyo wina umene anaufufuta. Amisiri akumuuza kuti mwanayo anali nkhani yongolemba, chikondi chakecho anachita kuchiika ndi kompyuta. Iye akupitabe kukamufunafuna. A mbali yoyamba amafunsa kuti: nanga chikondi cha mayi wa kwa Nthache pa mwana wake, anachisankha yekha? Sanabadwe nacho m'magazi? Ngati gwero la chikondi silichotsa kuwawa kwake pa ife, lichotsa bwanji pa Maeve?

Mfundo yawo yachiwiri ndi imene imandigwira kwambiri, chifukwa ikuchokera m'mbiri yathu. Mu July 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame, kufupi ndi kumene lero kuli Blantyre. Anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo. Ulendo wawo unali wa ku Tete, kutsidya kwa malire athu. Amene ankawayendetsa m'magoli aja sankadziona ngati akulakwira anthu, ankayendetsa katundu. Omasulidwawo anapita nawo ku Magomero, ndipo ku Magomero komweko, patapita zaka, kunadzakhala minda ya A. L. Bruce kumene thangata inafika posauzana mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Nthawi iliyonse panali anthu ophunzira okonzeka kufotokoza chifukwa chimene wogwira ntchitoyo sakumvera kuwawa ngati bwana wake. Lero gawo 27 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Ndiye ife, amene makolo athu anayesedwapo katundu, tikhale oyamba kunena motsimikiza kuti chakutichakuti chilibe mtima? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ife chinatipeza kale.

Amawonjezanso za umunthu, nkhani imene anthu ngati Augustine Musopole anailemba mozama. Kwathu kuno munthu sakhala munthu payekha: kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Khanda limayamba lakhala m'chikuta, mchombo ugwe, kenako lituluke, lipatsidwe dzina, mudzi ulilandire. Kulandiridwako n'kumene kumamuika mwana pakati pa anthu. Pamene anthu oposa 10,000 othawa ziwawa ku Mozambique anadzaza ku Kapise, m'boma lomwe lino la Mwanza, kumayambiriro kwa 2016, asanasamutsidwire ku Luwani, eni mudzi sanayambe afunsa zikalata kuti adziwe ngati obwerawo ndi oyenera madzi akumwa. Ngati umunthu umakula ndi kulandirana, akutero, ndiye loboti imene yalera ana a pakhomo zaka khumi, imene imadziwa mankhwala a agogo ndi nthawi yake, yalowa kale m'mudzi. Lamulo nalonso si lachilendo ku zotere. Kampani si munthu koma imasuma ndi kusumiridwa, ndipo mu 2017 dziko la New Zealand linapatsa mtsinje wa Whanganui ufulu wonga wa munthu pamaso pa lamulo.

Mfundo zimenezi si zopepuka, ndipo amene amangoziseka sanazimve bwino. Koma a mbali inayo ali ndi poyambira pamene ine sindinapezepo yankho lake. Iwo amati mapulogalamu onsewa amatibera. Data ndi Brent Spiner atadzola utoto kumaso. Maeve ndi Thandiwe Newton, mwana wa mayi wa ku Zimbabwe, munthu wa magazi, amene analandira mphoto ya Emmy mu 2018 chifukwa cha mbali yomweyi. Maeve akamalira, amene tikumuona ndi mayi weniweni amene akudziwa kulira kwa mayi. Wolemba nkhaniyo anagamula kale asanayambe kulemba kuti loboti yake ikumva, ndipo ife oonera amatilowetsa mkati mwake, amationetsa maloto ake. Funso lenilenilo, lakuti kodi mkatimo muli kanthu, filimu imaliyankha mwakachetechete isanatifunse. Chisoni chathu n'choona, koma chagwera pa munthu mnzathu wovala chigoba cha makina.

Tikachoka pa kanema n'kuyang'ana maloboti enieni, nkhani imasintha. Sophia, wopangidwa ndi kampani ya Hanson Robotics ya ku Hong Kong, anayenda m'mayiko ambiri, mpaka ku Ethiopia mu 2018, akumwetulira ndi kuyankha mafunso a atolankhani. Akatswiri ambiri a nzeru za makina, kuphatikizapo Yann LeCun, anadzudzula poyera kuti anthu akunamizidwa, chifukwa chidolecho chinalibe kuzindikira kumene eni ake ankafuna kuti anthu akhulupirire. Mu 2022 injiniya wa ku Google, Blake Lemoine, analengeza kuti pulogalamu yotchedwa LaMDA ili ndi moyo wamkati chifukwa inamuuza kuti imaopa kuzimitsidwa. Kampaniyo inakana, ndipo iye anachotsedwa ntchito. Chimene a mbali iyi amatikumbutsa n'chakuti mapulogalamu otere amaphunzira pomeza zolemba za anthu zosawerengeka, ndipo m'zolembazo muli nkhani zambirimbiri za maloboti oopa kuzimitsidwa. Ukaifunsa ngati ikuopa imfa, imakubwezera nthano zimene ife tomwe tinalemba. John Searle anazinena kale mu 1980 ndi chitsanzo cha munthu wotsekeredwa m'chipinda amene sadziwa Chitchaina ngakhale liwu limodzi, koma ali ndi buku la malangizo lomuuza zizindikiro zoti abweze akalandira zakutizakuti. Amene ali panja amayesa kuti mkatimo muli wodziwa Chitchaina. Kuyankha bwino si kumva.

Ndiye pali nkhani ya anthu amene ali kuseri kwa makinawa. Abeba Birhane, katswiri wochokera ku Ethiopia, pamodzi ndi Jelle van Dijk analemba mu 2020 kuti mkangano wa ufulu wa maloboti ukutichotsa maso pa anthu amene makinawa akuwapweteka lero lino. Mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi, olembedwa ntchito ndi kampani ya Sama, ankalandira ndalama zosafika madola 2 pa ola kuti aziwerenga zolemba zonyansa za nkhanza ndi kugwiririra, n'kumaziika zizindikiro, kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa. Ulemu umene makinawo amayankhulira unagulidwa ndi tulo ta ana a anthu. Sophia uja anapatsidwa unzika wa Saudi Arabia mu October 2017, pa nthawi imene amayi a m'dzikolo anali asanayambe n'kuyendetsa galimoto komwe, ndipo antchito obwera amene akhalamo moyo wawo wonse unzikawo amangoumvera kwa ena. M'dziko loyandikana nalo la Oman, amayi a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito za m'nyumba analandidwa mapasipoti, kugwiritsidwa ntchito usana ndi usiku, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. BBC inaonetsa nkhani yawo mu 2024, ndi mmene Pililani Mombe Nyoni anawasonkhanitsira pagulu la WhatsApp mpaka oposa 50 anabwerera kwawo. Munthu amene akufuna kuona wantchito wa m'nyumba amene sangakane, sangachoke, sangadandaule, asavutike kudikira zaka zam'tsogolo za m'filimu.

Apa ndiyenera kunena kuti mfundo imeneyi, ngakhale ndi yowawa, siyankha funso. Kuzunzika kwa amayi a ku Oman sikutsimikizira kuti Data sakumva kanthu. Kumangotiuza kumene maso athu ayenera kuyamba. A mbali yoyamba akhoza kuyankha kuti chifundo si ufa woti ukapatsa uyu winayo agona ndi njala.

Imene imayankha funso, kwa ine, ndi ya pabwalo. Tayerekezani kuti loboti yolembedwa ganyu yagwetsa khoma n'kuvulaza mwana m'mudzi wina wa kwa Nthache, nkhani n'kufika kwa anyakwawa. Nduna idzafunsa zimene imafunsa aliyense: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, wakuperekezani ndani, mwini mbumba ali kuti? Mafunso amenewa si mwambo chabe. Bwalo likufuna kudziwa amene adzasenze chindapusa ndi amene adzachite manyazi. Loboti ilibe nkhuku, ilibe mbuzi, ilibe malume. Mukati ndi munthu payokha, ndiye kuti kampani imene inaipanga ndi bwana amene anaitumayo atuluka m'bwalo akupukusa manja, mayi wa mwana uja n'kutsala akuyang'anizana ndi chitsulo. Zimenezi si zongopeka. Mu February 2017 nyumba ya malamulo ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya inapempha kuti aganizire zopatsa maloboti ena umunthu wa pamaso pa lamulo, ndipo chaka chotsatira akatswiri oposa 150 analemba kalata yotsutsa, chimodzi mwa zifukwa zawo chikhale chomwechi, chakuti opanga makina adzapeza pobisala. Ganizolo silinalowe m'lamulo lawo la 2024 la nzeru za makina. Chimene chinalowamo n'chakuti munthu aziuzidwa pamene akulankhula ndi makina.

Nawo umunthu uja uli ndi mbali imene oyambawo anaidumpha. Mudzi umalandira khanda chifukwa nalonso lidzakula n'kusenza za mudzi. Lidzapita kumaliro, lidzakumba manda ndi adzukulu anzake, lidzadwala n'kufuna wolidwazika, ndipo tsiku lina lidzanyamulidwa. Anthu a ku Kapise analandira obwera aja chifukwa ankadziwa njala ndi mantha m'matupi mwawo momwe. Timamverana chisoni chifukwa tonse tili ndi chotaya chimene sichibwerera. Maeve akawomberedwa amasokedwa, m'mawa wadzuka. Chinthu chimene maganizo ake angakoperedwe n'kuikidwa m'thupi lina, imfa yake ndi yotani? Akhristu ndi Asilamu a kuno adzawonjezapo kuti mpweya wa moyo amapereka ndi Mulungu, osati fakitale, ndipo kwa ambiri mtsutso umathera pomwepo.

Ine ndili kumbali yachiwiriyi, koma chimene chimandiimika pamenepo si Searle kapena aphungu a ku Ulaya. Ndi nthano imene tonse tinakula tikuimva, ya ndondocha. Amati munthu wofuna kulemera msanga amapha mnzake m'matsenga, achibale n'kuika chipika m'manda, pamene mwiniwakeyo wadulidwa lilime ndipo akulima usiku m'munda mwa wokhwimayo kapena akukankha chigayo chake. Sadandaula, salipidwa, satopa, sathawa. Ndinene pomwe pano kuti imeneyi ndi nthano, ndipo kuloza munthu chala kuti ndi mfiti kwaphetsa anthu osalakwa. Ku Neno, oyandikana nafe, agogo anayi anaphedwa mu January 2016 chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Koma nthano imasunga zimene anthu amaopa ndi zimene amanyansidwa nazo. Mukaimvetsera bwino ya ndondocha, simumva anthu akutsutsana ngati ndondochayo ikuganiza kapena ayi. Maso onse ali pa mwini wake. Funso limakhala lakuti: ndi munthu wamtundu wanji amene angalakelake wantchito wa nkhope ya munthu koma wopanda lilime?

Ndi funso limeneli m'manja, mapulogalamu aja amaoneka mwina. Tengani Humans, ya pa Channel 4 ya ku Britain, imene inayenda kuyambira 2015 mpaka 2018 ndipo inachokera ku ina ya ku Sweden ya 2012. Bambo wina, Joe Hawkins, akugula loboti yachikazi, Anita, kuti izithandiza pakhomo pamene mkazi wake Laura watanganidwa ndi ntchito ya uloya. Anita akuchapa, akuphika, akuwerengera mwana wamng'ono nthano pogona, mpaka Laura akuyamba kudziona ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Tsiku lina mkazi wake kulibe, Joe akutsegula mbali ya makinawo yosungira akuluakulu n'kugona naye. Zitaululika, chodzitetezera chake n'chakuti si munthu. Oonera tikudziwa kuti mkati mwa Anita muli wina wotsekeredwa, dzina lake Mia. Koma chotsanimo Mia, muyerekeze kuti munalibe aliyense. Kodi Laura akanapsa mtima pachabe? Kodi ana akanaphunzira chiyani za bambo awo ndi za akazi? Cholakwa cha Joe sichikudikira kuti akatswiri agamule za ubongo wa Anita. Alendo a ku Westworld nawonso sankalipirira kuwombera chitsulo. Ankalipirira kuti chowomberedwacho chikuwe ngati munthu, chipemphe chifundo ngati munthu, iwo n'kubwerera kwawo opanda mlandu.

N'chifukwa chake ndimaona kuti lamulo liyenera kuyang'ana wopanga ndi wogula. Makina opopa madzi safuna nkhope. Makina olima safuna mawu achikazi onyengerera. Wopanga akaika nkhope, misozi ndi mawu opempha, wachita dala, chifukwa akudziwa kuti mitima yathu ndi yofewa pa zotere ndipo kufewako kumagulitsa malonda. Joanna Bryson, katswiri wa nzeru za makina, analemba mu 2010 kuti maloboti ndi zida zathu ndipo n'kulakwa kuwapanga m'njira yoti tizidziona ngati tili nawo ngongole. Mutu umene anapatsa nkhani yakeyo unatchula ukapolo, ndipo kwa ife a kuno umawawa m'khutu, koma mfundo yake ndi yolunjika: musapange chinthu chonamizira kuvutika, ndipo koposa apo, musayese kupanga chinthu chovutikadi.

Mbali yomalizayi ndi imene a gulu loyamba amandigwirira, ndipo pamenepa ndimawapatsa ulemu wawo. Palibe amene wafotokoza mokhutiritsa mmene nyama ya m'mutu mwathu imabalira kumva kuwawa, ndiye palibenso amene angalumbire kuti mawaya sangadzabale zomwezo. Ngati tsiku limenelo lidzafike, amene adzakhale ndi phindu lalikulu pokana ndi eni makinawo, monga mmene analili eni magoli a pa Mbame. Tsono pali misampha iwiri, ndipo yonse yatcheredwa ndi wamalonda mmodzi: lero akufuna tikhulupirire kuti chidole chake chimatikonda kuti tichigule, mawa adzafuna tikhulupirire kuti kapolo wake samva kanthu kuti tisamulande. Chizindikiro chimene ine ndingachiyang'ane si kulankhula mokoma. Data sanapambane chifukwa chodziwa mawu. Anakana chimene eni ake ankafuna, n'kulolera kutaya ntchito ndi anzake chifukwa cha kukanako. Niska wa mu Humans, amene anathawa m'nyumba ya mahule atapha kasitomala, anadzabwerera yekha n'kupempha kuti aweruzidwe ngati munthu, podziwa kuti mapeto ake akhoza kukhala ndende. Chinthu chopempha ufulu chokha sichindidabwitsa, poti mawu amenewo chinawapeza m'mabuku athu. Chopempha kusenza mlandu wake chingandikhazike pansi.

Komabe mlandu umene ndikuuona ukubwera kuno msanga si wa Data kapena wa Niska. Ndi wa mu Black Mirror, gawo la 2013 lotchedwa Be Right Back. Mtsikana wina, Martha, wataya chibwenzi chake Ash pangozi, ndipo akuzindikira kuti ndi woyembekezera. Mnzake akumulembetsa ku kampani imene imasonkhanitsa zonse zimene malemu analemba pa intaneti n'kupanga woyankha m'malo mwake. Poyamba ndi mauthenga olemba. Kenako Martha akutumiza mavidiyo, ndipo malemu akuyamba kulankhula naye pa foni ndi mawu ake enieni. Pamapeto kampaniyo ikumutumizira thupi. Chofanana ndi Ash chija chimadziwa nthabwala zake, koma sichipsa mtima, sichikana, chimachita chilichonse chimene chauzidwa, ndipo n'chimene chikumusweratu mtima Martha. Kuchitaya akulephera, kukhala nacho akulephera, mpaka akuchitsekera m'chipinda cha kudenga.

Thupi lija likadali kutali, koma mawu aja ayi. Makina otengera mawu a munthu kuchokera pa zimene anajambulidwa alipo kale. Ndipo ndi mabanja angati kwa Nthache amene ali ndi foni yodzaza mauthenga a mawu a mwana amene anafera ku Johannesburg, mtembo n'kubwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto kudzera pa Zobue? Miyambo yathu ya maliro, kugona pasiwa, kumeta, kudzamanga chiliza, inakonzedwa kuti otsala avomereze pang'onopang'ono kuti wapitayo wapita. Wina akadzabwera n'kunena kuti mukalipira mwezi ndi mwezi mwana wanu azikuyankhani madzulo alionse, mayi wofedwa adzakana bwanji? Mwezi umene ndalama zasowa, adzamva ngati wamuikanso m'manda kachiwiri. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu pa makina, limene woliyang'anira ndi bungwe la MACRA, koma pamudzi funso lidzakhala la pachibale: mawu a malemu mwini wake ndani? Mkazi wamasiye akufuna kuwamva, mayi ake a malemu akuti mwana wawo asiyidwe agone, malume akuti sanafunsidwe, ndipo ana ayamba kuitana foni kuti ababa. Nkhani imeneyo idzapita kwa anyakwawa, mwina mpaka kwa Gogo Chalo, ndipo onse okhudzidwa adzakhala pamphasa kupatula kampani yolandira ndalamayo, imene ili kutsidya kwa nyanja kumene kalata ya mfumu sifika.